Mwakhalira ntchito koma tsiku latha mukungokonzakonza kompyuta: gwero la vutoli ndi mmene mungalithetsere

Loweruka lina ndinadzuka 6 koloko m'mawa ndi cholinga chimodzi, kumaliza lipoti la masamba khumi limene linkafunika Lolemba. Magetsi analipo, m'nyumba munali zii, tiyi ali pambali. Nditayatsa laputopu ndinaona kuti yachedwa pang'ono kutseguka. Ndinati ndiyambe ndazimitsa mapulogalamu amene amadziyambira okha, ndi za mphindi zisanu basi. Ndili mkati mochita zimenezo ndinaona kuti malo osungira zinthu atsala pang'ono kudzaza, ndiye ndinayamba kufufuta mafayilo akale. M'menemo ndinapeza zithunzi za ukwati wa mchemwali wanga zili mbwee m'mafoda atatu, ndinayamba kuzisanja. Dzuwa lili paliwombo ndinali nditatsimikiza mumtima kuti vuto ndi Windows yeniyeniyo, ndipo ndinamaliza bandulo yonse kukopera Ubuntu, mtundu wa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Pofika 4 koloko madzulo laputopu inali yoyera, yothamanga, yosangalatsa kuiona. Magetsi anazima 5 koloko. Pa lipoti panali mutu wake ndi dzina langa basi.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti sindinapume, sindinacheze ndi munthu, sindinasewere. Msana unkawawa ngati wa munthu wochokera kumunda, koma mzere ngakhale umodzi panalibe. Kuchokera nthawi imeneyo vutoli ndaliona kwa anthu ambiri: ophunzira amene akulemba pepala la kafukufuku, alembi a m'maofesi, owerengera ndalama za magulu, ojambula, olemba mapulogalamu. Limatha, koma limabwereranso, ndipo n'chifukwa chake likufunika kulidziwa bwino.

Yambani mwatsimikiza kuti vuto lanu ndi limeneli

Si kukonza kulikonse kumene kuli kuzengereza. Kompyuta zimawonongeka ndithu. Koma pali zizindikiro zimene sizinama.

Taonani nthawi imene chilakolako chokonza chimakufikirani. Ngati chimabwera mukangokhala pansi kuti muyambe ntchito yovuta, koma sichibwera Lamlungu masana mulibe chochita, ndiye kuti chikuchokera ku ntchitoyo. Taonaninso ngati chinthu chimene mukukonza chinkagwira ntchito dzulo. Kawirikawiri chinkagwira. Palibe amene anakupemphani kuti musinthe mtundu wa zilembo, palibe amene adzafunse kuti mafoda anu ali ndi mayina otani.

Chizindikiro chachikulu kuposa zonse n'ichi. Tsiku lopereka ntchito likafika, maola atatsala anayi, laputopu yomwe ija yochedwa, Word yemweyo wosasangalatsa, kiyibodi yomweyo ya batani limodzi louma, zonse zimagwira ntchito bwinobwino mpaka lipoti kutha. Ngati zimenezi zinakuchitikiranipo, mwadziwa kuti chipangizocho sichinakuletsenipo.

Chimene chimachitika mkati mwa munthu

Anthu ambiri amati ndi ulesi. Ine ndimakana. Waulesi amadziwa kuti sakugwira ntchito. Wokonzakonza amatuluka thukuta, ndipo mukamufunsa amayankha ndi mtima wonse kuti ali otanganidwa.

Akatswiri awiri a maganizo, Fuschia Sirois ndi Timothy Pychyl, analemba mu 2013 kuti muzu wa kuzengereza ndi kufuna kupeputsa mtima msanga. Ntchito ina ikakupatsani mantha, manyazi, kunyong'onyeka kapena kusokonezeka, mumaithawa kuti mumve bwino panopa, ndipo mtolo wake mumausiyira inu yemwe wa mawa. Piers Steel wa ku University of Calgary, atasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri mu 2007, anapeza kuti anthu amazengereza kwambiri ntchito ikakhala yosasangalatsa, phindu lake likakhala kutali, ndiponso akamadzikayikira kuti mwina saitha.

Tsono yerekezani ntchito ziwirizi. Kulemba mutu wachitatu wa kafukufuku: simukudziwa poyambira, simudziwa ngati zikuyenda bwino mpaka aphunzitsi atawerenga mwezi wamawa, ndipo akhoza kubweza ndi inki yofiira tsamba lonse. Kuika pulogalamu yatsopano: mukudziwa batani loyamba, kamzere kobiriwira kakuyenda mukuona, pakatha mphindi zitatu sikirini ikukuuzani kuti zatheka. Palibe wodzakudzudzulani. Mtima wotopa umasankha yachiwiriyi nthawi zonse.

Chimene chimapangitsa kuti zipangizo zamakono zikhale pobisala pabwino kwambiri n'chakuti kukonza kumaoneka ngati ntchito. Mukanakhala mukuonera mpira, chikumbumtima chikanakudzudzulani pasanathe ola. Koma mukusanja mafayilo, mukuti ndikukonzekera. John Perry, mphunzitsi wa filosofe ku Stanford, anaona m'zaka za m'ma 1990 kuti ozengereza sakhala chete, amachita zinthu zothandiza ndithu kuti azembe chinthu chofunika koposa. Kuwonjezera apo, munda ndi pobisalira zili pa tebulo limodzi. Mlimi wofuna kusema mpini watsopano amayenera kuchoka m'munda, ndipo anthu amamuona. Inu simuchoka pampando, ndipo aliyense wodutsa amaona munthu wakhama.

Kukonzako kulibenso mathero. Olemba mapulogalamu ku yunivesite ya MIT, ku America, anapatsa khalidweli dzina m'zaka za m'ma 1990 loti yak shaving, kutanthauza kumeta yak, nyama yaubweya wambiri yokhala ngati ng'ombe ya kumapiri a ku Tibet. Ankanena za kantchito kamene kamabala kanzake, kanzakeko n'kubalanso kena, mpaka munthu kudzidzimuka akuchita chinthu chosagwirizana n'komwe ndi chimene anakhalira pansi. Loweruka langa lija linayenda choncho: kuchedwa kuyaka, malo, zithunzi za ukwati, Ubuntu.

Funso limodzi lofunsa dzanja lisanagwire mbewa ya kompyuta

Chilakolako chija chikabwera, imani kaye, mudzifunse: kodi chinthu chimenechi chikundiletsa kulemba chiganizo chotsatira panopa?

Mayankho ake ndi atatu. Loyamba, inde chikundiletsa: fayilo siikutseguka, kompyuta ikuzima yokha, pulogalamu yowerengetsera ikukana. Pamenepa konzani, koma yang'anani wotchi. Dzipatseni mphindi 20. Zikatha vuto lisanathe, lambalalani. Ngati Word wakana, lembani mu Notepad kapena Google Docs. Ngati laputopu yakana, lembani pa foni kapena m'kope. Ngati chosindikizira chakana, tengani fayilo pa fulashi mukasindikize ku kafe. Ntchito ipitirire, kukonza kudikire madzulo.

Lachiwiri, sichikundiletsa, chikungondinyansa: kompyuta imachedwa masekondi 40 poyaka, mauthenga a pulogalamu ina amatulukira pakona, mafoda ndi osokonekera. Lachitatu, sichikundiletsa ndipo sichikundinyansa, changondikopa: ndamva za pulogalamu yatsopano yolembera, ndaona wina ali ndi sikirini yokongola. Awiri omalizawa mankhwala ake ndi amodzi. Khalani ndi pepala pambali pa kiyibodi, pepala lenileni, ndipo pamwamba mulembe kuti "Zokonza Lachisanu". Lembanipo chinthucho m'mawu atatu, mubwerere ku ntchito.

Ndikunenetsa za pepala chifukwa ndinayesa kusunga mndandanda umenewu mu pulogalamu, ndipo pasanathe sabata ndinali nditayamba kukongoletsa mndandandawo. Pepala silikongoletseka. Kulembako kumathandiza chifukwa maganizo amasiya kukukumbutsani chinthu akadziwa kuti chasungika. Lachisanu likafika, 3 koloko madzulo, tengani pepala lija mudzipatse ola limodzi. Mudzapeza kuti zambiri zimene zinkaoneka zachangu Lachiwiri simukuzifunanso. Zifufuteni ndi cholembera. Ziwiri kapena zitatu zotsalazo konzani mosangalala, nthawi yake ndi imeneyi.

Pezani chimene mukuthawa

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo malangizo ena onse sagwira ntchito mukadumpha apa. Nthawi iliyonse mukadzipeza muli mu Settings, bwererani m'mbuyo pang'ono mukumbukire: ndinali pati pa ntchito yanga pamene ndinathawa? Simuthawa ntchito yonse. Mumathawa kamalo kamodzi.

Lamlungu lotsatira Loweruka lija ndinakhala pansi ndi kope, laputopu ili yotseka, ndinadzifunsa funso limeneli. Yankho linanditengera mphindi zochepa. Gawo lachiwiri la lipoti linkafuna kuti ndifotokoze chifukwa chimene ndalama zina sizinagwirizane ndi zimene tinakonza, ndipo ine sindinkadziwa chifukwa chake. Ndinkayenera kuimbira munthu wina wamkulu kwa ine kuntchito, kuvomera kuti sindikumvetsa. Tsiku lonse lija ndinkathawa foni ya mphindi zisanu. Nditaimba ndinati, "Pepani bambo, ndakusokonezani tsiku lopuma, pali manambala awiri andizunguza." Anandifotokozera osakwiya n'komwe. Lipoti linatha usiku womwewo.

Zothawa zimasiyana, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake.

Nthawi zambiri ntchito imakhala yosamveka. "Kulemba mutu wachiwiri" si chinthu chimene manja angachite. Manja angachite izi: kutsegula pepala la wolemba wakuti, kuwerenga masamba atatu, kulemba ziganizo zisanu za zimene wanena. Dulani ntchito mpaka ifike poti mukudziwa chimene zala zichite m'mphindi ikubwerayi. Ngati mukuzembabe, ndiye kuti chidutswacho chikadali chachikulu, chiduleninso.

Nthawi zina ndi mantha a diso la munthu wina. Mukulemba chiganizo, mukumva kale mawu a aphunzitsi kapena a bwana akuti zimenezi n'chiyani. Apa dziloleni kulemba zoipa poyamba. Tsegulani fayilo ina, muitche "zongoyesa", mulembe ngati mukufotokozera mng'ono wanu pakhonde, ngakhale m'Chichewa ngati lipotilo ndi la Chingerezi. Zoipa zolembedwa zimakonzeka. Tsamba loyera silikonzeka.

Nthawi zina mukusowa chinthu: nambala, buku, chilolezo, yankho la munthu. Chitchuleni dzina, mutumize uthenga panopa, kenako mulembe m'lipotimo kuti "apa palowa nambala ya mwezi wa June" n'kupitirira.

Nthawi zinanso ntchitoyo ndi yotopetsa chabe, monga kulowetsa mayina 300 mu Excel. Imeneyi ilibe chinsinsi. Igaweni m'magulu a 50, muike nyimbo, mudzuke gulu lililonse likatha. Chenjerani ndi maganizo oti ndipange njira yoti kompyuta izichita yokha. Ngati ntchitoyo mudzaichita kamodzi kokha, maola atatu ophunzira macro, kapulogalamu kochita ntchito yobwerezabwereza kokha, ndi ochuluka kuposa ola limodzi lolemba ndi manja. Ine lamulo langa n'lakuti ntchito ndiichite ndi manja katatu kaye, ikabwera kachinayi ndiye ndiganize zoipangira njira yachidule, ndipo zimenezo ndizichite Lachisanu.

Mukapeza chothawacho, konzani chiganizo chimodzi cha mawa. Peter Gollwitzer, katswiri wa maganizo wa ku Germany, anaonetsa mu 1999 kuti anthu amakwaniritsa zolinga zawo kwambiri akaneneratu nthawi, malo ndi chochita, m'malo mongoti ndidzayesetsa. Chiganizo chake chimayenda motere: "Ndikangomaliza tiyi 7 koloko, nditsegula fayilo ya mutu wachiwiri n'kulemba ndime ya zitsanzo." China chofanana nacho: "Ndikamva kufuna kusintha kanthu pa kompyuta, ndilemba pa pepala la Lachisanu." Madzulo musanatseke, siyani fayilo ya ntchito ili yotsegula, ndipo pansi pake mulembe chochita choyamba cha mawa. M'mawa ndi nthawi yoopsa kwambiri, chifukwa munthu wosadziwa poyambira amayambira mu Settings.

Maonekedwe amene vutoli limabwera nawo

Lofala kwambiri kwa ophunzira ndi kukongoletsa pepala lisanalembedwe. Tsamba loyamba, chizindikiro cha sukulu, mtundu wa zilembo, mipata ya mizere, manambala a masamba. Ndaonapo wophunzira ali ndi tsamba loyamba lokongola ngati satifiketi, mkati muli ndime ziwiri. Njira yake ndi yophweka. Polemba mu Word, mitu ikuluikulu ipatseni sitayilo ya Heading 1, ing'onoing'ono Heading 2, zina zonse zisiyeni mmene zilili. Mukamaliza kulemba, Word adzakupangirani mndandanda wa zamkatimu yekha, ndipo kusintha maonekedwe a mitu yonse kudzakhala kwa kamodzi. Kukongoletsa konse n'kwa tsiku limodzi kumapeto. Mabuku amene mwagwiritsa ntchito asungeni mu pulogalamu ya Zotero kapena ya Mendeley, imodzi mwa ziwirizi, ndipo musathere sabata mukuziyerekeza. Zonse zimagwira.

Lina ndi kusamukasamuka pakati pa mapulogalamu osungira zolemba ndi zochita. Mwezi uno Evernote, wamawa Notion, kenako Obsidian, Trello, Todoist. Kusamuka kulikonse kumadya masiku awiri, ndipo kumapatsa munthu chimwemwe cha nyumba yatsopano, ngati kuti moyo ukuyambanso. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Sankhani imene muli nayo lero, mulembe tsiku pa pepala, ndipo musasinthe mpaka patatha miyezi itatu. Ikatha miyeziyo, musinthe pokhapokha mutatchula ntchito yeniyeni imene pulogalamuyo inakulepheretsani. Zomwezi zikukhudzanso ChatGPT ndi anzake: kufunsa funso limodzi ku mapulogalamu anayi kuti muone woyankha bwino ndi kukonzakonza komweko kutavala malaya atsopano.

Kwa okonda Linux, msampha ndi kusintha mtundu wake sabata ndi sabata. Ngati kompyutayo ndi yodyera, ikanipo mtundu wokhalitsa. Ubuntu amatulutsa wokhalitsawo, wotchedwa LTS, mu April zaka ziwiri zilizonse, monga 22.04 ndi 24.04, ndipo uliwonse amausamalira zaka zisanu. Zoyesayesa zichitikire pa kompyuta ina yakale kapena pa fulashi.

Palinso kuonera mavidiyo a pa YouTube ophunzitsa kugwiritsa bwino nthawi, ndi kuyerekeza mitengo ya laputopu imene mudzagule. Mawu oti ndidzayamba ndikagula yatsopano ndawamva kambirimbiri, ndipo amene anagula sanayambe. Kulemba sikufuna kompyuta yamphamvu. Laputopu yogula kwa wina ya zaka zisanu ndi zitatu imalemba ziganizo zofanana ndi yatsopano.

Za ma update ndingonena mwachidule. Windows imalola kuikiratu maola amene mumagwira ntchito, otchedwa active hours, kuti isadziyambitsenso pa nthawi imeneyo, ndipo mukhoza kuimitsa ma update mpaka masabata asanu. Sabata yopereka ntchito aimitseni. Mukapereka, aloleni alowe.

Tsekani makomo ena

Kudziletsa kumatopa, choncho ndi bwino kuchepetsa mayesero. Njira imene inandithandiza kuposa zonse ndi kupanga akaunti yachiwiri pa kompyuta, yopanda mphamvu za administrator, ndi kumagwiriramo ntchito. Mu akaunti yotere, kuika mapulogalamu ambiri kapena kusintha zinthu zikuluzikulu kumafuna pasiwedi. Ine pasiwediyo ndinailemba pa kapepala n'kupatsa mayi akunyumba. Kupita kukawapempha 9 koloko m'mawa kumanditengera kufotokoza chimene ndikufuna kuika ndi chifukwa chake, ndipo nthawi zambiri ndisanafike kukhitchini ndimakhala nditadziyankha kale.

Zimitsani intaneti pa nthawi yolemba. Zofuna kufufuza zilembeni pambali, mudzazifufuze zonse pamodzi. Kuno kwathu zimenezi zimapulumutsanso bandulo, chifukwa kukopera mapulogalamu ndi kuonera mavidiyo n'kumene kumaimaliza, kulemba sikudya kanthu. Foni ikhale chipinda china. Gloria Mark wa ku University of California, Irvine, wakhala akuyeza nthawi imene anthu amakhala pa chinthu chimodzi pa sikirini asanadumphire china. Mu 2004 inali pafupifupi mphindi ziwiri ndi theka. M'zaka zaposachedwa inatsika kufika masekondi 47. Munthu wodumpha chonchi sangafike pakatikati pa ntchito yovuta, pamene pamafunika kukhala chete ndi funso losayankhidwa.

Mafoni a Android ali ndi Digital Wellbeing, a iPhone ali ndi Screen Time, ndipo zonsezi zimatha kutseka mapulogalamu pa maola ena. Zigwiritseni ntchito, koma muziike kamodzi. Ndaonapo anthu akuthera madzulo onse akusankha pulogalamu yabwino yotsekera mapulogalamu. N'chimodzimodzi ndi njira ya Pomodoro, ya kugwira ntchito mphindi 25 n'kupuma zisanu. Francesco Cirillo anaiyamba ali wophunzira ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ankagwiritsa ntchito kawotchi ka m'khitchini kooneka ngati phwetekere. Wotchi ya pakhoma ikukwanirani.

Ndiye pali nkhani ya magetsi. Amene timakhala kumene magetsi amazimazima tili ndi chifukwa china chosaseweretsera maola. Batire la laputopu yakale limatha pakatha ola limodzi kapena awiri. Maola amene magetsi alipo ndi a ntchito yeniyeni, yoyamba kulowa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo kwawukwawu wathu ndi mdima wa 5 koloko uja. Magetsi akazima, imeneyo ndi nthawi yabwino ya kope: kukonza ndondomeko ya mutu wotsatira, kulemba ndime ndi manja, kuwerenga zosindikiza. Ndime zambiri zimene ndimanyadira zinayambira m'kope, chifukwa m'kope mulibe choti n'kusintha.

Zokonza zimene simuyenera kuzinyalanyaza

Sindikufuna kuti muchoke pano mukuganiza kuti kusamalira kompyuta n'kulakwa. Pali zinthu zochepa zimene zikasiyidwa zimagwetsa ntchito ya chaka chonse, ndipo chodabwitsa n'chakuti okonzakonza ambiri sazichita, chifukwa sizisangalatsa.

Choyamba ndi kusunga makope a ntchito yanu. Fayilo yofunika ikhale malo atatu: pa kompyuta, pa fulashi kapena disiki yapadera, ndi pa intaneti monga Google Drive kapena OneDrive. Ngakhale kungodzitumizira pa imelo madzulo alionse n'kokwanira. Laputopu zimabedwa m'minibasi, zimanyowa, zimapsa magetsi akabwera mwamphamvu. Ndinaona wophunzira akulira misozi yeniyeni pakhomo pa wokonza makompyuta, kafukufuku wa miyezi isanu ndi itatu atapita ndi disiki.

Chachiwiri ndi ma update a chitetezo. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 October 2025, ndipo makompyuta akale ambiri sakwanitsa zofunika za Windows 11, monga kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Ngati yanu ili m'gulu limeneli, nkhaniyi ndi yeniyeni ndipo ikufunika tsiku lake. Lisankheni pa kalendala, likhale pambuyo popereka ntchito, mutasunga kale makope.

Chachitatu ndi zizindikiro za kuwonongeka: disiki yolira tiki tiki, batire lotupa mpaka kukweza kiyibodi, kompyuta yotentha n'kuzima yokha. Batire lotupa ndi loopsa, likhoza kuyaka moto, choncho siyani kulitchaja. Izi pitani nazo kwa wokonza. Ngati laputopu ndi yochedwadi zenizeni, yoti Word amatenga mphindi zingapo kutseguka, kusintha disiki yakale kuika yothamanga yotchedwa SSD ndi kuwonjezera RAM, memore imene kompyuta imagwirira ntchito, kumathandiza kuposa kusesa mafayilo kwa mwezi wathunthu. Ndi ulendo umodzi, ndalama kamodzi, nkhani n'kutha.

Ngati mumakonda zimenezi

Ena mwa inu kugwiragwira zipangizo kumakusangalatsani kuchokera pansi pa mtima, ndipo palibe choipa. Akatswiri ambiri a makompyuta anayamba choncho, kumasula wailesi ya bambo awo kuti aone zamkati. Chikondi chimenechi chipatseni nthawi yake yoonekera, Loweruka masana kapena madzulo awiri pa sabata, muzichita mosabisa komanso mosadziimba mlandu. Mudzaona kuti chimakoma kwambiri chikakhala kuti sichikuphimba kanthu. Ndipo ngati papita zaka mukuthawa ntchito yanu kuthawira ku makompyuta, ndipo anzanu onse amabwera kwa inu foni zawo zikavuta, ganizirani mofatsa ngati luso lanu lenileni silili kumeneko. Limenelo ndi funso lalikulu, loyenera kukambirana ndi anthu okudziwani, ndipo lipoti la Lolemba liyenera kuperekedwabe.

Vuto likabweranso

Lidzabwera. Kwa ine limabwera ntchito yatsopano ikandikulira, kapena ndikagona mochedwa masiku angapo. Tsiku lotere likachitika, musadzitukwane. Michael Wohl ndi anzake ku Carleton University ku Canada anafufuza ophunzira a chaka choyamba, ndipo mu 2010 anafalitsa zimene anapeza: amene anadzikhululukira chifukwa chozengereza kuwerengera mayeso oyamba anazengereza pang'ono pa mayeso achiwiri. N'zomveka. Ngati muzu wa vutoli ndi kuthawa kupweteka kwa mtima, kudzinyoza kumawonjezera kupwetekako, ndipo mawa ntchito ija imakhala yoopsa kuposa lero.

Chitani izi m'malo mwake. Tsekani zonse zimene munatsegula, ngakhale kukonzako kuli pakati. Lembani pa pepala la Lachisanu pamene mwasiyira. Dzifunseni kuti ndinathawira pati. Kenako gwirani ntchito yeniyeni mphindi khumi zokha tsikulo lisanathe, ngakhale ili 9 koloko usiku, kuti mawa mudzadzuke muli ndi poyambira.

Ngati muli nokha zikukanika, lowetsanimo munthu. Uzani mnzanu kuti, "Achimwene, 12 koloko ndikutumizirani masamba awiri pa WhatsApp, musawerenge, mungoona kuti afika." Kapena khalani tebulo limodzi ndi wina amene akugwira yake, ku laibulale kapena kunyumba. N'kovuta kuyamba kusintha zithunzi za pa sikirini munthu ali pambali panu akulemba.

Pali malire a zimene pepala ndi wotchi zingathe. Ngati kuzengereza kwafika paliponse, mabilu sakulipidwa, mauthenga sakuyankhidwa, tulo ndi chakudya zasokonekera, mtima uli wolemera kwa masabata angapo, kapena ngati kuyambira muli mwana mwakhala mukulephera kukhazikika pa chinthu chimodzi, pakhoza kukhala matenda a nkhawa, kukhumudwa kapena ADHD, vuto lolephera kukhazikitsa maganizo pa chinthu chimodzi. Amenewa ali ndi thandizo lake. Pitani kuchipatala kapena kwa mlangizi wa kusukulu kwanu, ndipo potuluka m'nyumba mutenge pepala limene mwalembapo zimene zakhala zikuchitika, kuyambira liti, ndi nthawi ziti za tsiku, kuti mukafika musakaiwale pofotokoza.